Mkuwa ndi siliva wa ku Coppermine: papita zaka 250, mgodi ukalibe kutsegulidwa

Makampani ofufuza miyala abwereranso ku mtsinje wa Coppermine, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Canada, kumene mkuwa ndi siliva zakhala zikuonekera pamwamba pa nthaka kucokera kale.

Mu 2025 kampani ya ku Australia yochedwa White Cliff Minerals inalengeza kuti itaboola pansi pa malo ochedwa Danvers, inadutsa m'mwala wokhala ndi mkuwa wa 2.5 peresenti pa mtunda wa mamita 175. M'mwala womwewo munali siliva pang'ono, wosakwana magalamu 10 pa tani imodzi.

Cilengezoci cinadza pa nthawi imene mitengo ya zitsulo ziwirizi inali kukwera kwambiri. Mu October 2025 siliva anapyola madola 50 a ku America pa aunsi imodzi, ndipo mu December caka comweco mkuwa unapyola madola 12,000 pa tani pa msika wa ku London.

Koma aka si koyamba kuti dera limeneli limveke. Papita zaka zoposa 250 kucokera pamene Mzungu woyamba anafikako kudzafuna phiri la mkuwa limene anamva mbiri yake, ndipo kufikira lero m'dera la mtsinjewu simunatsegulidwepo mgodi wa mkuwa ngakhale umodzi. Zifukwa zake n'zofunika kwa anthu a dziko lokumba mkuwa monga Zambia, kumene nkhani zakuti kwapezeka miyala zimamveka kawirikawiri.

Dziko la cisanu lopanda mseu

Dzina lakuti Coppermine litanthauza mgodi wa mkuwa. Mtsinjewu uyenda mtunda wa makilomita oposa 800 kulowera kumpoto, ndi kukathira m'nyanja ya mcere ya Arctic, m'cigawo ca Nunavut. Pamathiriro pake pali tauni yaing'ono ya Kugluktuk, yokhala ndi anthu pafupifupi 1,400, ambiri mwa iwo a mtundu wa Inuit. Kufikira caka ca 1996 tauniyi nayonso inali kuchedwa Coppermine.

Palibe mseu wolumikiza Kugluktuk ndi tauni ina iriyonse. Mzinda wa Yellowknife uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kumwera, ndipo anthu amapitako pa ndege. Sitima za pamadzi zimafika m'nyengo yaifupi ya August ndi September, madzi oundana a pa nyanja akasungunuka. Ndi nthawi yokhayo imene mafuta, simenti, magalimoto ndi katundu wina wolemera wa caka conse amatsitsidwa. Magetsi amapangidwa ndi injini za dizilo.

M'nyengo yozizira cisanu cimafika pa madigiri 30 pansi pa ziro, mwinanso kuposerapo, ndipo mu December ndi January dzuwa limatha milungu ingapo osatuluka. Nthaka ya pansi imakhala youndana caka conse.

Akatswiri a miyala amafotokoza kuti zaka pafupifupi 1,270 miliyoni zapitazo, ciphalaphala ca moto cinatuluka pansi m'derali ndi kuuma kukhala mwala wakuda. Pambuyo pake madzi otentha odutsa m'ming'alu ya mwalawo anasiyamo mkuwa, kwina weniweni wosasakanizika ndi kanthu, kwina wosakanizika ndi sulufule, ndiponso siliva pang'ono. N'cifukwa cake m'mapiri a kumeneko muli malo ambirimbiri ang'onoang'ono pamene munthu angathe kuona mwala wobiriwira kapena kutola kacidutswa ka mkuwa ndi manja.

Ainuit anali kudziwa zimenezi kalekale. Anali kutola mkuwawo ndi kuusula pa mwala popanda kuusungunula, n'kupanga mipeni, nsonga za mivi ndi mikondo, mbedza ndi singano. Azungu amene anakumana nawo anawacha Copper Inuit, kutanthauza Ainuit a mkuwa.

Ulendo wa miyezi 19, cidutswa cimodzi

Mbiri ya mkuwawu inafika kwa amalonda a ku Britain a kampani ya Hudson's Bay Company kudzera mwa anthu a mtundu wa Dene, amene anabweretsa zidutswa zake ku linga la Prince of Wales, pafupi ndi tauni ya Churchill ya masiku ano. Mkulu wa lingalo, Moses Norton, anatuma mnyamata wina wa kampaniyo, Samuel Hearne, kuti akaone kumene zinacokera.

Maulendo awiri oyamba analephereka. Wacitatu unayamba mu December 1770, motsogoleredwa ndi mtsogoleri wa Adene wochedwa Matonabbee, ndipo anafika ku mtsinje wa Coppermine mu July 1771. Malinga ndi zimene Hearne analemba, anthu amene anali naye anaukira ndi kupha Ainuit pafupifupi 20 amene anali m'mahema pafupi ndi mathithi ena. Malowo amachedwa Bloody Falls kufikira lero.

Atafika pamalo amene anauzidwa kuti pali mkuwa wodzaza zombo, Hearne anapeza mulu wa miyala ndi nsangalabwi cabe. Anafunafuna kwa maola anayi ndipo anapeza cidutswa cimodzi cokha cacikulu, colemera pafupifupi makilogalamu awiri. Anabwerera ku linga mu June 1772, ndipo cidutswaco cinatumizidwa ku London.

Zimene anaona Hearne sizinathetse ciyembekezo. John Franklin anadutsa m'mapiri omwewo mu 1821. George Douglas anafikako ndi katswiri wa miyala mu 1912. Ca m'ma 1929 ndi 1930 kunafika makampani ofufuza ndi ndege. Onsewa anaona mkuwa, koma palibe amene anapeza wokwanira kutsegulira mgodi.

Cipwirikiti cacikulu cinacitika pakati pa 1966 ndi 1969. Pa nthawiyo mtengo wa mkuwa unakwera kamba ka nkhondo ya ku Vietnam, kunyanyala nchito kwa a m'migodi ku Chile, ndiponso mantha akuti mkuwa wa Zambia ulephera kutuluka pambuyo pakuti boma la Ian Smith ku Rhodesia ladzilengezera ufulu mu November 1965. Makampani ambiri anathamangira ku Coppermine ndi kukhoma zikhomo pa malo zikwizikwi.

Cacikulu cimene cinapezeka pa cipwirikitico ndi malo omwe lero achedwa Danvers, makilomita osakwana 100 kucokera ku Kugluktuk. Ofufuza a nthawiyo anawerengera kuti pali mwala wokwana matani pafupifupi 4 miliyoni wokhala ndi mkuwa pafupifupi 3 peresenti. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 makampani anali atalongedza ndi kucoka.

Mu 2015 kampani ya Kaizen Discovery inaboolanso m'derali. Iyo inali kufuna mkuwa wa mtundu wina, wopezeka m'miyala ya mcenga ndi matope akale yokhala pamwamba pa mwala wakuda uja, umene inaufanizira ndi wa ku Copperbelt ndi ku Katanga. Caka comweco mtengo wa mkuwa unagwa pansi pa madola 5,000 pa tani. Ku Zambia kugwa kumeneku kunacotsetsa nchito anthu zikwi ku migodi ya Mopani. Ku Coppermine makina oboolera anazimitsidwa.

Cizindikiro, nkhokwe ndi mgodi

Kuti nkhani ya Coppermine imveke bwino, pafunika kusiyanitsa zinthu zitatu zimene kawirikawiri zimachulidwa ngati cinthu cimodzi.

Coyamba ndi cizindikiro. Awa ndi malo pamene mkuwa, siliva kapena golide waonekera m'mwala, ndipo akatswiri a boma amalemba malowo m'kaundula. Cizindikiro cinganene kuti pali citsulo, koma sicinena kuti n'cocuruka bwanji. M'makaundula a maiko a migodi muli zizindikiro zikwi zambiri, ndipo ndi zocepa kwambiri zimene zimadzasanduka mgodi.

Caciwiri ndi nkhokwe yoyezedwa. Apa kampani imakhala itaboola mabowo ambiri, nthawi zina mazana, ndipo akatswiri awerengera kutalika, kufalikira ndi kuzama kwa mwalawo, pamodzi ndi kucuruka kwa citsulo pa tani iriyonse.

Cacitatu ndi mgodi. Nkhokwe imasanduka mgodi pokhapokha zitaoneka kuti ndalama zogulitsira citsulo zidzaposa ndalama zokumbira, zogayira, zonyamulira, za misonkho ndi zokonzera malowo nchito ikadzatha, ndiponso boma ndi eni nthaka atavomereza.

Mu 2024 kampani ya White Cliff inalengeza miyala yotola pamwamba yokhala ndi mkuwa woposa 60 peresenti. Ciwerengero cotere cimakopa maso, koma wotola mwala amasankha wooneka bwino koposa, ndipo mwala umodzi sunena za phiri lonse. Bowo la mamita 175 ndi umboni wolemerapo, koma nalonso likhoza kuonetsa mtunda wautali ngati laboledwa motsata mng'alu mmene muli mkuwa m'malo moudutsa copingasa. Ciwerengero ca matani 4 miliyoni n'ca zaka za m'ma 1960, ndipo kampaniyo yokha inanena kuti sicikwanira pa malamulo a masiku ano oyezera nkhokwe.

Malamulo amenewa anakhwimitsidwa pambuyo pa cinyengo ca kampani ya ku Canada ya Bre-X mu 1997. Kampaniyo inanena kuti yapeza golide wocuruka zedi ku Busang, m'dziko la Indonesia, koma zinadziwika kuti fumbi la golide linali kuthiridwa m'miyala yopita kukapimidwa. Anthu ogula masheya anataya madola mabiliyoni. Mu 2001 Canada inayamba kutsata lamulo lochedwa NI 43-101, lofuna kuti ziwerengero zotere zitsimikizidwe ndi katswiri wovomerezeka. Ku Australia kuli malamulo ofanana nawo ochedwa JORC.

Ngakhale ciwerengero cakale ca Danvers citakhala coona, kukula kwake kumaoneka bwino pocifanizira ndi migodi ya m'dziko lino. Mwala wa matani 4 miliyoni wokhala ndi mkuwa wa 3 peresenti uli ndi mkuwa wokwana matani pafupifupi 120,000. Mgodi wa Kansanshi ku Solwezi unatulutsa matani pafupifupi 170,000 m'caka cimodzi ca 2024. Mgodi wa Sentinel ku Kalumbila umagaya mwala pafupifupi matani 50 miliyoni pa caka, kutanthauza kuti nkhokwe yonse yakale ya Danvers ikhoza kugayidwa kumeneko m'mwezi umodzi.

Mwala wa ku Sentinel uli ndi mkuwa wocepa, pafupifupi theka la peresenti imodzi. Mgodiwo umapindula kamba kakuti mwalawo ndi wocuruka kwambiri, ndipo pali magetsi a ZESCO, mseu ndi ng'anjo yosungunulira ku Solwezi. Ku Coppermine mwala ndi wonona, koma umene wayezedwa ndi wocepa, ndipo zonse zimene zachulidwazi kulibe.

Mkuwa ndi wolemera, siliva ndi wopepuka

Pa tani imodzi ya mwala wa 2.5 peresenti pamacoka mkuwa wa makilogalamu 25. Pa mtengo wa madola 12,000 pa tani, mkuwawo ndi wa madola 300. Siliva wa magalamu 9 pa mtengo wa madola 50 pa aunsi sakwana madola 15. Siliva wa ku Danvers tsono ndi ndiwo cabe, nsima yake ndi mkuwa, ndipo mkuwa ndi katundu wolemera wofuna mseu, doko ndi sitima.

Umboni wa zimenezi uli m'cigawo comweco ca Nunavut. Nkhokwe za Izok Lake ndi High Lake zili ndi zinki, mkuwa ndi siliva, ndipo iriyonse ndi yoposa matani 10 miliyoni. High Lake inapezeka m'zaka za m'ma 1950, Izok Lake m'zaka za m'ma 1970. Zonse ziwiri zinayezedwa bwino, ndipo zinagulidwa ndi MMG, kampani yomwe ikumba mkuwa ku Kinsevere pafupi ndi Lubumbashi. Koma palibe imene inakumbidwapo, cifukwa cacikulu n'cakuti kulibe njira yotulutsira katundu.

Kwa zaka zambiri pakhala pali maganizo omanga mseu wa makilomita pafupifupi 230 wokafika pa doko latsopano ku Grays Bay, pa mtengo wa madola a ku Canada 1 biliyoni kapena kuposerapo. Mu September 2025 boma la Nduna Yaikulu Mark Carney linaika njira ya kumpoto imeneyi pa mndandanda wa nchito zimene lifuna kupititsa patsogolo, pa zifukwa za cuma ndi za citetezo. Komabe Grays Bay ili kum'mawa kwa Kugluktuk, pomwe Danvers ili kumwera cakumadzulo. Mgodi wa ku Danvers ukhoza kufuna mseu wakewake, doko lake ndi magetsi ake.

Migodi imene yapindula kumpoto kwa Canada yambiri ndi ya zinthu zodula koma zopepuka, monga golide, daimondi ndi siliva wonona. Citsanzo cili ku nyanja ya Great Bear, kumwera cakumadzulo kwa Coppermine. Mu 1930 Gilbert LaBine anapezako siliva ndi mwala wa yureniyamu pamalo amene anadzachedwa Port Radium. Kucokera mu 1964 kufikira 1982 kampani ya Echo Bay Mines inakumbako siliva ndi mkuwa. Mitsempha ya mwalawo inali yopyapyala, koma inali ndi siliva woposa kilogalamu imodzi pa tani, wokwanira kulipira ndege, mabwato ndi mseu wa m'nyengo yozizira wodutsa pamwamba pa nyanja zoundana.

Zimene migodi yaing'ono inasiya

Mbiri ya Port Radium ili ndi mbali ina imene anthu a kumpoto sanaiwale. Kuyambira mu 1942 yureniyamu wa kumeneko anagulitsidwa ku America pa nchito yopanga bomba la atomiki. Amuna a mtundu wa Dene a m'mudzi wa Déline analembedwa nchito yosenza matumba a mwalawo osauzidwa za kuopsa kwake. Pamene ambiri anamwalira ndi khansa, mudziwo unayamba kuchedwa mudzi wa akazi amasiye. Mu 1998 nthumwi za Déline zinapita ku Hiroshima kukapepesa.

Lipoti la 2005, lolembedwa ndi boma la Canada pamodzi ndi anthu a ku Déline, silinathe kutsimikiza kuti imfazo zinadza kamba ka mwalawo. Koma linaonetsa kuti zotsalira za mgodi zokwana matani mazana a zikwi zinatayidwa m'nyanja ndi m'mbali mwake, ndipo linapempha kuti malowo akonzedwe.

Migodi ina yaing'ono ya siliva ya m'mbali mwa mtsinje wa Camsell, monga Terra umene unagwira nchito kucokera mu 1969 kufikira 1985, inatsekedwa ndi kusiyidwa. Udindo woikonza unagwera boma, kutanthauza ndalama za anthu okhoma msonkho. Mgodi waung'ono umatha msanga, koma zinyalala zake zimakhalitsa. Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 ndipo ana akali kupezeka ndi mtovu m'magazi, sangafune kufotokozeredwa zimenezi.

Mau a eni nthaka

Cinthu cimene casintha kwambiri kucokera m'zaka za m'ma 1960 ndi mphamvu za eni dziko. Mu 1993 Ainuit anasainirana pangano la nthaka ndi boma la Canada, ndipo pa 1 April 1999 cigawo ca Nunavut cinakhazikitsidwa. Panganolo linapatsa Ainuit umwini wa pafupifupi 18 peresenti ya nthaka ya cigawoco, ndiponso umwini wa miyala ya pansi pa pafupifupi 2 peresenti.

Kampani yofuna kutsegula mgodi waukulu pa nthaka ya Ainuit iyenera kuyamba yagwirizana nawo pa za nchito, maphunziro ndi malipiro. Nchito iriyonse yaikulu iyeneranso kuunikidwa ndi bungwe la Nunavut Impact Review Board, limene limamvetsera madandaulo a anthu m'midzi.

Bungweli lakanapo nchito zikuluzikulu. Mu 2015 linakana mgodi wa yureniyamu wa Kiggavik, ndipo boma linagwirizana nalo mu 2016. Mu 2022 linakana pempho lokulitsa mgodi wa citsulo wa Mary River, ndipo boma linagwirizana nalonso. Mu January 2024 kunasainidwa pangano lakuti kuyambira pa 1 April 2027 ulamuliro wa nthaka ndi miyala ya boma ucoke ku Ottawa ndi kupita ku boma la Nunavut.

Izi sizitanthauza kuti Ainuit amakana migodi. Ku Nunavut kuli migodi ya golide monga Meliadine, ndipo migodi ndiyo mbali yaikulu ya cuma ca cigawoco. Nchito n'zosowa, mitengo ya zakudya m'masitolo ndi yokwera kwambiri, ndipo acinyamata ndi ambiri. Koma ku Kugluktuk funso la mgodi limayendera limodzi ndi funso la caribou, nyama yonga mbawala yaikulu ya nyanga zanthambi, imene imayenda m'magulu aakulu ndipo ndiyo ndiwo ndi covala ca anthu kucokera kwa makolo.

Gulu la caribou lochedwa Bluenose-East limaberekera kumadzulo kwa Kugluktuk, kufupi ndi kumene makampani afufuza mkuwa. Mu 2010 gululi linali loposa 100,000. Pofika 2018 linatsika kufika pafupifupi 19,000, ndipo alenje anaikiridwa malire a nyama zimene angaphe. Kalembera wa 2023 anaonetsa kuti lakweranso kufika pafupifupi 39,000. Kucepako kunacitika popanda mgodi m'deralo, ndipo zifukwa zimene zimachulidwa ndi monga kusintha kwa nyengo, mimbulu ndi ulenje. Koma mlenje amene anauzidwa kuti acepetse kusaka amafunsa cifukwa cimene ndege za helikopita ndi makina oboolera ziyenera kuloledwa pamalo pamene nyamazo zimaberekera.

Cimene Zambia ingatolepo

Zambia ndi Nunavut zikulimbirana ndalama zimodzimodzi. Makampani aang'ono ofufuza miyala sagulitsa citsulo. Amapeza ndalama pogulitsa masheya m'misika ya ku Toronto, Sydney ndi London, ndipo ndalamazo zimapita kumene kuli nkhani yokoma. Mtengo wa mkuwa ukakwera, ndalama zimafika ngakhale ku malo akutali monga Coppermine. Ukagwa, malo otere ndiwo amayamba kusiyidwa.

Dziko lino nalonso lili ndi mbiri ya zizindikiro za mkuwa ndi siliva. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Copperbelt isanachuke, Azungu anatsegula timigodi m'boma la Mumbwa monga Silver King ndi Sable Antelope. Mwala wake unali wonona koma wocepa, njanji inali kutali, ndipo timigodito sitinakhalitse.

Palinso zitsanzo zoonetsa kuti kucedwa si kulephera. Makolo anali kukumba ndi kusungunula mkuwa ku Kansanshi zaka mazana ambiri George Grey asanakhomepo zikhomo mu 1899. Mgodiwo unatsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo, ndipo unakhala waukulu mu 2005 pansi pa kampani ya ku Canada ya First Quantum Minerals. Nkhokwe ya Lumwana inapezeka mu 1961, koma mkuwa woyamba unatuluka kumapeto kwa 2008, patapita zaka 47. Cimene cinasintha pa malo awiriwa si mwala ai, koma mtengo wa mkuwa, makina, magetsi ndi ndalama.

Kafukufuku amene bungwe la S&P Global linatulutsa mu 2024 anapeza kuti kucokera pa kupezeka kwa nkhokwe kufikira pa kuyamba kwa mgodi pamapita zaka pafupifupi 27 ku Canada, 29 ku America ndi 34 ku Zambia. Ziwerengerozi n'zofunika pa colinga ca boma cakuti dziko lizitulutsa mkuwa wa matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031, kucokera pa matani pafupifupi 820,000 a mu 2024. Mkuwa wa 2031 uyenera kucokera ku migodi yomwe ilipo kale ndi ku nkhokwe zoyezedwa kale, monga Mingomba ku Chililabombwe. Cizindikiro copezeka lero n'ca ana ndi adzukulu.

Mu 2024 boma linayambitsa nchito youluka ndi ndege pamwamba pa dziko lonse kuti lidziwe miyala imene ili pansi. Nchitoyi idzatulutsa zizindikiro zambiri zatsopano, ndipo ciriconse cidzakhala ndi mphekesera zake. Zimene zinacitika ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga kuyambira 2019, ndi ku Kikonge m'boma la Mufumbwe mu 2025, pamene anthu zikwi anathamangira golide, zinaonetsa mmene mphekesera ya mwala imasunthira anthu, kusiyitsa minda ndi kutayitsa miyoyo.

Mfumu, khansala kapena mlimi amene wauzidwa kuti pansi pa munda wake pali cuma ali ndi mafunso oyenera kufunsa. Kodi ciwerengero cimene cikuchulidwa n'ca mwala wotola pamwamba kapena n'ca mabowo? Mabowowo ndi angati? Ndani anatsimikiza matani amene akunenedwa? Mseu ndi magetsi adzalipira ndani? Nanga nchito ikadzatha, ndalama zokonzera malowo zasungidwa kuti? Ku Nunavut lamulo limakakamiza kampani kuyankha ambiri mwa mafunsowa pamaso pa anthu a m'mudzi mgodi usanayambe.

Zoyenera kuyang'anira

Sizingakanidwe kuti ku Coppermine kuli mkuwa, ndipo n'kutheka kuti makina a masiku ano adzapeza umene ofufuza akale anauphonya, maka-maka m'miyala ya mcenga ndi matope imene sinaboledwe kwambiri. Kutentha kwa dziko kukutalikitsanso nyengo imene sitima zingayende pa nyanja ya Arctic, ngakhale kuti kutentha komweko kukufupikitsa nyengo ya miseu ya pa madzi oundana ndi kufewetsa nthaka imene miseu ingamangidwepo.

Cimene cidzaonetse kuti ulendo uno wasiyana ndi maulendo akale ndi nkhokwe yoyezedwa mwa malamulo a lero, yokula kangapo kuposa matani 4 miliyoni, kenaka lipoti la ndalama lowerengera mseu, doko ndi magetsi, ndipo pomaliza civomerezo ca anthu a ku Kugluktuk. Kampani ikhoza kudutsa pa coyamba ndi kugwa pa caciwiri, monga zinacitikira ku Izok Lake, kapena kudutsa pa ziwiri ndi kugwa pa cacitatu, monga ku Kiggavik.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Kufikira tsopano, anthu amene anapindulapo ndi mkuwa wa ku Coppermine mosakayikitsa ndi Ainuit amene anali kuutola ndi kusula mipeni ndi mbedza. Ena onse, kuyambira Samuel Hearne mu 1771, anabwerako ndi zidutswa za miyala ndi malipoti.